Star Wars ya 2019 m'maso mwa mlendo: mafunso amene eni filimu analephera kuyankha

Mu Disembala 2019, kampani ya Disney inatulutsa filimu yotchedwa Star Wars: The Rise of Skywalker, yomwe ndi ya nambala 9 pa nkhani ya banja la Skywalker imene George Lucas anaiyamba mu 1977. Anthu anakhamukira m'nyumba zoonetsera mafilimu, ambiri mwa iwo atakula ndi nkhaniyi kuyambira ali ana. Koma pakati pawo panalinso ena amene sankadziwa n'komwe kuti Jedi n'chiyani. Wina anachita kukokedwa ndi bwenzi lake, wina anangoperekeza ana, wina anatengeka ndi phokoso la otsatsa malonda. Munthu wotereyu akatuluka n'kunena kuti filimuyo ndi yosokonekera, yankho limene amalandira limakhala lodziwikiratu: khalani chete, simunaonere mafilimu 8 oyambirira. Yankholi limamveka lanzeru, ndipo mbali ina ndi loona. Komabe pa filimu iyi mlendoyo ndi amene akuweruza molondola kuposa okonda Star Wars akalekale, chifukwa iye alibe chikondi chomatira nacho ming'alu. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo kameneka kakuoneka m'mafunso amene iye amafunsa.

Mafunso a munthu amene walowa nkhani pakati amakhala a mitundu iwiri, ndipo mkangano wonse umatha tikawasiyanitsa. Mtundu woyamba ndi wofuna kudziwa anthu ndi mbiri yawo: kodi mayi uja akulemekezedwa chonchi ndi ndani, nanga n'chifukwa chiyani anthu aombera m'manja mkulu uja atangotulukira? Mafunso amenewa ndi ngongole ya mlendo mwiniwake. Mnzake wokhala pambali akhoza kumunong'oneza kuti mayiyo ndi Leia, mlongo wa Luke Skywalker, ndipo mkuluyo ndi Lando Calrissian, amene anthu anamuona koyamba mu 1980. Mtundu wachiwiri ndi wofuna kudziwa chifukwa cha zochitika: munthu wakufa wadzuka bwanji, zombo zankhondo zochuluka chonchi wazipanga ndani, n'chifukwa chiyani mdani akusintha cholinga chake mphindi iliyonse? Njira yoyesera ndi yapafupi. Mutengereni funsolo munthu amene anaonera mafilimu onse 8, ngakhale kambirimbiri. Akayankha kuchokera m'mafilimuwo, ndiye kuti mlendo ndi amene waperewera. Akayamba kukanda m'mutu, kapena kukutumizani ku buku limene linatuluka filimu itaonetsedwa kale, ndiye kuti choperewera ndi filimuyo. The Rise of Skywalker imagwa pa mayeso amenewa mobwerezabwereza.

Wakufa wadzuka, palibe wofotokoza

Vuto loyamba limabwera filimu isanayambe n'komwe kuonetsa nkhope ya munthu. Mawu achikasu amene amayenda pa sikirini kumayambiriro kwa mafilimu a mndandandawu amalengeza kuti Palpatine, mfumu yankhanza ija, walankhula ku mapulaneti onse ndipo akuopseza kuti abwezera. Mlendo amaganiza kuti mwina filimu yapita inatha ndi kudzuka kwa munthu ameneyu. Zoona zake n'zakuti Palpatine anaponyedwa m'dzenje ndi Darth Vader mu Return of the Jedi ya 1983, ndipo chombo chachikulu chimene analimo, Death Star yachiwiri, chinaphulika patangopita kanthawi. Mu The Force Awakens ya 2015 ndi The Last Jedi ya 2017 mulibe pamene panaonetsedwa kuti mkuluyu akali moyo. M'filimu ya 2019, Poe Dameron, mmodzi mwa ngwazi za nkhaniyi, amangouza anzake kuti mwanjira inayake Palpatine wabwerera, wina n'kuponyapo maganizo akuti mwina ndi sayansi yamdima kapena matupi opangidwa m'labotale, basi nkhani yathera pomwepo. Uthenga weniweni wa Palpatine, umene mawu achikasu aja akunena, sumveka m'filimu. Unamveka m'masewera a pa intaneti a Fortnite, pa chochitika chapadera chimene chinakonzedwa kutatsala masiku owerengeka kuti filimu ituluke. Kufotokoza kwakuti mzimu wake unasamukira m'thupi lopangidwa kuchokera ku maselo ake kunabwera m'buku la Rae Carson mu Malichi 2020. Munthu amene analipira tikiti yathunthu analandira nkhani yopanda maziko ake, ndipo mazikowo anagulitsidwa kwina.

Kuchokera pamenepo filimu imakhala mpikisano wothamangira zinthu. Palpatine ali pa pulaneti lobisika la Exegol, ndipo zombo zake ziyamba kuwononga mapulaneti pakatha maola 16. Kuti mtsikana Rey ndi anzake Finn ndi Poe akafikeko akufunika kachipangizo kolozera njira. Kuti apeze kachipangizoko akufunika mpeni wakale umene uli ndi malemba a chilankhulo cha a Sith, gulu la Palpatine. Mpeniwo amaupeza bwanji? Amamira mumchenga wa m'chipululu cha Pasaana, n'kugwera m'phanga limene, mwa malo onse a pa pulanetilo, ndi momwe muli mpeniwo. Loboti C-3PO amatha kuwerenga malembawo koma pulogalamu yake imamuletsa kuwamasulira, choncho ulendo wina ukuyamba wopita ku Kijimi kukafuna mmisiri woti amutsegule mutu. Akafika pa Kef Bir, pamene panagwera zibenthu za Death Star, Rey amakweza mpeni uja m'mwamba ndipo mano ake amagwirizana ndendende ndi maonekedwe a zibenthuzo, mpaka kuloza chipinda chimene muli kachipangizo. Mlendo amadabwa: zitsulo zili pakati pa nyanja ya mafunde aakulu kwa zaka zoposa 30, ndipo Rey wangoima pamalo amodzi mwa malo osawerengeka a m'mbali mwa nyanjayo, ndiye zatheka bwanji kuti zonse zilingane? Wokonda Star Wars alibe yankho. Chowawa kwambiri n'chakuti Rey atangokapeza kachipangizoko, mdani wake Kylo Ren amakaphwanya ndi dzanja, ndipo Rey amakafika ku Exegol pogwiritsa ntchito kachipangizo kena kamene kanali kale m'chombo cha Kylo. Gawo lalikulu la filimu ya mphindi 142 lathera pa kusaka chinthu chimene sichinagwire ntchito.

Imfa zosakhalitsa

Chinthu chachiwiri chimene mlendo amachiona msanga ndi chakuti m'filimu iyi palibe chimene chimatayika n'kukhala chotayika. Chewbacca amagwidwa n'kulowetsedwa m'chombo, ndipo Rey, polimbana ndi Kylo Ren, amaphulitsa chombocho ndi mphezi yochokera m'manja mwake. Apa panali mwayi wa nkhani yaikulu: mtsikana wapha mnzake ndi mphamvu imene sankadziwa kuti ali nayo. Koma pasanathe mphindi zingapo oonera amaonetsedwa kuti Chewbacca ali moyo, anali m'chombo china. C-3PO amatsanzika anzake mwachisoni chifukwa kumasulira malemba aja kufufuta zonse za m'mutu mwake, koma kenako loboti inzake R2-D2 amamubwezera zokumbukira zake. Pulaneti la Kijimi limaphulitsidwa, koma Zorii Bliss ndi mmisiri Babu Frik amene tinawasiya kumeneko amatulukira ali bwinobwino pa nkhondo yomaliza. Kylo Ren amabayidwa ndi lupanga, Rey n'kumuchiritsa nthawi yomweyo. Pambuyo pake amaponyedwa m'phompho, n'kukwera kubwerera. Rey mwiniwake amafa, n'kudzutsidwa. Wokonda Star Wars akaona Chewbacca ali moyo amapuma mwamtendere, popeza wamudziwa kwa zaka 42. Mlendo amaphunzirapo zina: kuti asamade nkhawa ndi chilichonse chimene filimuyi ikumuonetsa. Ikafika imfa yeniyeni ya Ben Solo, yemwe ndi Kylo Ren yemweyo, kumapeto, iye amangodikira kuti adzukenso.

Mdani nayenso alibe cholinga chokhazikika. Poyamba Palpatine amauza Kylo Ren kuti akaphe Rey. Rey atafika pamaso pake, akuti iye sankafuna kuti mtsikanayo afe, ankafuna kuti abwere adzamuphe iyeyo kuti mzimu wake ulowe mwa Rey, amene filimu ikuti ndi mdzukulu wake. Rey atakana, Palpatine amazindikira mwadzidzidzi kuti akhoza kuyamwa moyo wa Rey ndi Ben n'kudzichiritsa. Pomaliza Rey amamuphabe pomubwezera mphezi yake ndi malupanga awiri, ndipo za kusamuka kwa mzimu zija sizitchulidwanso. Zombo zake zosawerengeka, chilichonse chili ndi mfuti yotha kuphulitsa pulaneti lathunthu, sizingathe kunyamuka popanda chizindikiro chochokera pa nsanja imodzi, malinga ndi zimene filimu ikutiuza. Palinso Finn, amene pomira mumchenga uja amafuula kuti ali ndi chinthu chimene sanamuuzepo Rey. Poe amamufunsa za nkhaniyi, koma filimu imatha Finn asananene. Yankho linachokera kwa wotsogolera filimu, J.J. Abrams, poyankha mafunso pa chionetsero china: Finn ankafuna kunena kuti nayenso amamva mphamvu ya Force. Mlendo akamafunsa kuti mnyamata uja ankafuna kunena chiyani, sakuonetsa umbuli. Akuloza ulusi umene olemba anaukoka n'kuusiya ukulendewera.

Pali chinthu chinanso chimene mlendo amachimva ngakhale sangachitchule dzina. Filimu iyi ikukangana ndi filimu ina imene iye sanaione. Mu The Last Jedi, wotsogolera Rian Johnson anaonetsa kuti makolo a Rey anali anthu wamba osauka amene anamugulitsa kuti apeze ndalama za mowa, Kylo Ren anaphwanya chisoti chake, ndipo Luke anataya lupanga la banja lake kumbuyo. Gulu lina la okonda Star Wars linakwiya kwambiri ndi zimenezi. Mu 2019 chisoti chija chimawotchereredwa, Rey amasanduka mdzukulu wa Palpatine, ndipo mzimu wa Luke umawakha lupanga limene Rey akuliponya pamoto, n'kumudzudzula kuti chida chotere chimafuna ulemu. Rose Tico, amene anali ndi gawo lalikulu mu 2017, amaoneka kwa nthawi yosakwana mphindi ziwiri malinga ndi amene anawerengera, ndipo izi zinachitika pambuyo poti Kelly Marie Tran, wosewera gawoli, anachotsa zithunzi zake zonse pa Instagram mu 2018 atatopa ndi chipongwe cha anthu ena. Kwa otsatira akale, zonsezi ndi mauthenga omveka, ena osangalatsa ena okwiyitsa. Kwa mlendo ndi zochitika zimene kamera ikuziimirira ngati zofunika pamene nkhani sikuzifuna. Chimodzimodzi mendulo imene Maz Kanata amapereka kwa Chewbacca kumapeto: ikubweza dandaulo la anthu amene anaona kuti mu 1977 Luke ndi Han analandira mamendulo pamene Chewbacca anamanidwa. Nthawi imene ikanathera pofotokoza kudzuka kwa Palpatine inathera pa kupepesa ndi kusisita mitima.

Zimene otsutsa anganene

Kutsutsa koyamba ndi kuja tatchula kale, koti palibe amene amayamba buku pa mutu womaliza n'kumadandaula kuti sakumva. N'zoona kuti mlendo sangalire monga momwe amalirira munthu amene anakula akuonera Carrie Fisher, wosewera gawo la Leia, ndipo palibe amene angayembekeze filimu ya nambala 9 kufotokozanso zonse kuchokera pachiyambi. Koma mbiri ya mafilimu oterewa ikuonetsa kuti filimu yotsatira ikhoza kuima payokha. Star Trek II: The Wrath of Khan ya 1982 ndi yopitiriza gawo lina la sewero la pa TV la 1967, koma mdani wake, Khan, amafotokoza chidani chake pa Kirk, ngwazi ya nkhaniyo, m'chochitika chimodzi, ndipo aliyense amamva chimene akufuna ndi chifukwa chake. Amene anaitsogolera, Nicholas Meyer, anali mlendo weniweni yemwe sankatsatira Star Trek pamene ankapatsidwa ntchitoyo, ndipo ambiri amaiwerengera kuti ndiyo filimu yabwino koposa pa mndandandawo. Mad Max: Fury Road ya George Miller inatuluka mu 2015, patatha zaka 30 chitulukireni filimu yachitatu, ndipo gawo lake lalikulu linajambulidwa m'chipululu cha Namibia. Ambiri amene anaionera sanaonepo zitatu zoyambazo, koma palibe anasokonezeka: mayi wathawitsa akazi asanu kwa wolamulira wankhanza, ndipo wolamulirayo akuwathamangitsa. Inapata mphoto 6 za Oscar. Star Wars yoyamba yeniyeniyo inaponya oonera pakati pa nkhondo, ikutchula zakale zimene palibe ankazidziwa, chifukwa mu 1977 munthu aliyense anali mlendo. Inamveka chifukwa aliyense m'nkhanimo anali ndi chimene akufuna, ndipo chochitika chilichonse chinkabala chinzake.

Kutsutsa kwachiwiri ndi kwa manambala. Filimuyi inapeza ndalama zoposa madola 1 biliyoni pa dziko lonse, ndipo pa tsamba la Rotten Tomatoes oonera 86 mwa 100 alionse anaiyamikira, pamene akatswiri ounika mafilimu amene anaiyamikira anali pafupifupi theka chabe. Kodi anthu onsewa analakwitsa? Choyamba, amene amathamangira filimu yotere sabata yoyamba n'kukalemba maganizo awo ndi okonda akale, amene amafika atasangalala kale. Chachiwiri, manambalawo akaikidwa pafupi ndi anzake amanena zina. The Force Awakens inapeza madola oposa 2 biliyoni, The Last Jedi madola 1.3 biliyoni, ndipo iyi, imene inalengezedwa kuti ndi mathero a nkhani ya zaka 42, ndiyo inapeza zochepa pa zitatuzi. CinemaScore, imene imafunsa anthu potuluka m'nyumba zoonetsera mafilimu usiku woyamba, inalemba B+, pamene ziwiri zinazo zinapata A. Umboni wamphamvu kwambiri ukuchokera ku China, kumene mafilimu atatu oyambirira sanaonetsedwe m'masinema pa nthawi imene ankatuluka, kotero kuti dziko lonselo linali ngati mlendo mmodzi. Kumeneko The Force Awakens inapeza madola pafupifupi 124 miliyoni, The Last Jedi madola pafupifupi 42 miliyoni, ndipo The Rise of Skywalker madola pafupifupi 20 miliyoni. Anthu amene analibe zokumbukira za ubwana zoti ziwakoke analawa kamodzi, ndipo ambiri sanabwerenso.

Kutsutsa kwachitatu kumati iyi ndi nthano ya afiti a m'mlengalenga ndi malupanga owala, yopangira ana, choncho kufunsa za nzeru zake ndi kudzivutitsa. Koma mlendo sanafunsepo kuti lupanga lingawale bwanji, kapena kuti loboti ingachite mantha bwanji. Zimenezo amazilandira mosavuta, monga momwe mwana amalandirira kalulu wolankhula m'nthano ya agogo. Chimene mwana yemweyo salola ndi chakuti fisi amene waphedwa pakati pa nthano atulukirenso kumapeto popanda chifukwa; pamenepo amadula agogo pakamwa n'kufunsa. Nthano ili ndi ufulu woika malamulo alionse, koma ikawaika iyenera kuwasunga. Ngati mphamvu ya Force ingathe kuchiritsa bala la lupanga ndi kudzutsa wakufa, woonera ayenera kudziwa mtengo wake ndi malire ake, apo ayi ngozi iliyonse imakhala yachabe. Kunena kuti ana safuna zomveka ndi kuwanyoza ana. Mafilimu ngati Toy Story ndi The Lion King anapangidwira ana, koma mwana wa zaka 7 akhoza kukufotokozerani chimene aliyense m'menemo ankafuna ndi chifukwa chimene zinathera momwe zinathera.

Kutsutsa kwachinayi ndi kumene kuli ndi mphamvu, chifukwa ndi kwa chifundo. Amene anapanga filimuyi anakumana ndi mikwingwirima yeniyeni. Carrie Fisher anamwalira pa 27 Disembala 2016, filimu isanayambe kujambulidwa, pamene Leia ankayembekezeka kukhala pakatikati pa nkhani yake. Opanga anakana kumulowetsa m'malo ndi wosewera wina, ndipo anagwiritsa ntchito zithunzi zimene zinatsala pojambula The Force Awakens, n'kulemba zokambirana zatsopano mozungulira mawu ochepa amene iye anali atalankhula kale. N'chifukwa chake mlendo amaona kuti mayiyu akuyankha ngati munthu amene sakumva bwino zimene akufunsidwa. Colin Trevorrow, amene anapatsidwa ntchito yotsogolera filimuyi mu 2015, anachoka mu Seputembala 2017, ndipo Abrams ndi Chris Terrio anayambanso kulemba nkhani. Tsiku lotulutsa linasunthidwa kuchoka mu Meyi kufika mu Disembala 2019, komabe Maryann Brandon, mmodzi mwa olumikiza zithunzi, ananena kuti anali ndi nthawi yochepa ndi miyezi itatu poyerekeza ndi filimu ya 2015, moti ankalumikiza zithunzi pamalo pomwe akujambulira. Zonsezi zimafotokoza chifukwa chimene filimu inatulukira chonchi, koma sizisintha chimene chili pa sikirini. Imfa ya Fisher sinalembe mpeni uja, ndipo sinatumize uthenga wa Palpatine ku Fortnite. Tsiku lotulutsira filimu linaikidwa ndi kampani, ndipo kampani yomweyo inali ndi mphamvu zolisunthanso.

Gwero la vuto

Apa ndi pamene maso a mlendo amafika pa muzu wa nkhani. Disney inagula Lucasfilm, kampani yopanga mafilimu a Star Wars, mu 2012 ndi madola oposa 4 biliyoni, ndipo inafuna kuti ndalamazo ziyambe kubwerera msanga. Kuyambira 2015 mpaka 2019, chaka chilichonse kunkatuluka filimu ya Star Wars. Mafilimu atatu a nkhani ya Rey anayambidwa popanda mgwirizano wokhazikika wa kumene nkhaniyo idzathere. Daisy Ridley, amene anasewera Rey, anaulula mu 2020 kuti makolo a Rey ankasinthasintha: poyamba panali maganizo omulumikiza ndi Obi-Wan Kenobi, kenako akuti ndi mwana wa anthu wamba, kenako mdzukulu wa Palpatine, ndipo ngakhale pojambula filimu yomalizayi nthawi zina sankadziwa kuti zithera pati. Abrams mwiniwake anavomereza mu 2021 kuti anaphunzira movutikira kufunika kokhala ndi pulani. Bob Iger, amene anali mkulu wa Disney pa nthawiyo, anali atavomereza kale mu 2018, filimu ya Star Wars yotchedwa Solo italephera pamsika, kuti mafilimuwa ankatulutsidwa ochuluka komanso mofulumira kwambiri. Mlendo sanawerenge chilichonse mwa zimenezi. Anangokhala pampando kwa maola awiri ndi mphindi 22, n'kunena kuti zikuoneka ngati anthuwa sankadziwa kumene akupita. Patapita chaka chimodzi kapena ziwiri, eni ake ananena zomwezo.

Sikuti mlendo amanyoza chilichonse. Nyimbo za John Williams zimamugwira mtima monga zimagwirira wina aliyense. Ndewu ya Rey ndi Kylo Ren pamwamba pa zibenthu za Death Star, mafunde akuwamenya, malupanga akulemera m'manja chifukwa cha kutopa, ndi chochitika chimene chimamveka popanda mbiri iliyonse. Adam Driver amatha kuonetsa kusweka mtima kwa Ben Solo ndi nkhope yokha, makamaka pamene akulankhula ndi chikumbukiro cha bambo ake amene anawapha yekha. Kuyamikira kumeneku kumapereka mphamvu ku chidzudzulo chake, chifukwa kukuonetsa kuti pamene filimu yagwira ntchito yake, kusadziwa mbiri sikumulepheretsa kumva. Pamene akusokonezeka ndi pamene filimu yaleka kugwira ntchito n'kuyamba kudalira kuti oonera abweretsa okha chimwemwe kuchokera kunyumba. Vuto la dzina lalikulu ngati Star Wars ndi limeneli: limakhala ndi anthu amene adzabwera zivute zitani, ndipo opanga amayamba kuyeza ntchito yawo ndi kuchuluka kwa nkhope zakale zimene zaoneka, osati ndi kulimba kwa nkhani. N'zochititsa chidwi kuti sewero la Andor, limene ambiri amalitama kuti ndi ntchito yabwino koposa ya Star Wars m'zaka zaposachedwa, linatsogoleredwa ndi Tony Gilroy, amene sanabise kuti sanali wokonda Star Wars.

Kuno kwathu nkhaniyi ili ndi tanthauzo lake, chifukwa ambiri mwa oonera athu ndi alendo ku mafilimu amenewa. Filimu imatipeza pa TV, pa flash, pa memory card kapena m'vidiyo sho ya pamsika, ndipo kawirikawiri munthu amayamba ndi nambala imene yapezeka tsikulo. Anyamata amene amamasulira mafilimu m'Chichewa amagwira ntchito ya mnzako wonong'oneza uja: amakuuza kuti uyu ndani, uyo ndi m'bale wa yani. Koma ngakhale womasulira waluso chotani sangafotokoze chimene filimu sinanene, pokhapokha apeke yekha. Woonera wa ku Ndirande kapena ku Chipata amene waona The Rise of Skywalker n'kunena kuti ndi phokoso lopanda mutu asadzione ngati wosaphunzira, ndipo asalole kuopsezedwa ndi anthu oloweza mayina a mapulaneti. Ngati funso lake ndi lakuti uyu ndani, afunse, aphunzire. Ngati funso lake ndi lakuti izi zachitika chifukwa chiyani, ndipo wodziwa uja akuchita chibwibwi, adziwe kuti wagwira pamene pali bala.

Phunziro lalikulu likupita kwa amene akupanga mafilimu ndi masewero a pa wailesi ndi pa TV, kaya ku Hollywood, ku Lagos, ku Lusaka kapena ku Lilongwe, makamaka amene ayamba kutulutsa gawo loyamba, lachiwiri ndi lachitatu. Anzanu ndi okukondani adzakuomberani m'manja chifukwa amakudziwani ndipo amadziwa chimene munkafuna kunena. Musanatulutse gawo lotsatira, itanani munthu amene sanaonepo ntchito yanu, mukhazikeni pansi, aonere, ndipo inu musatsegule pakamwa. Akamaliza lembani mafunso ake onse, musiyanitse amene gawo loyamba limayankha ndi amene palibe gawo limene limayankha. Amtundu wachiwiriwo ndiwo ntchito imene yatsala. Lucasfilm inali ndi ndalama, akatswiri ndi dzina lodziwika dziko lonse, koma inatulutsa filimu imene imalephera mayeso apafupi amenewa, ndipo kuyambira 2020 mpaka 2025 palibe filimu ina yatsopano ya Star Wars imene inatuluka m'masinema. The Rise of Skywalker ndi filimu yokongola m'maso koma yosamangika bwino, ndipo mlendo amene ananena zimenezi tsiku loyamba sanalakwitse.